Miyala Yatha

Hilario Kachiwanda adayimba gitala zaka zoposa makumi atatu, ndipo zaka zonsezo adali pa mkangano umodzi ndi anthu. Anthu ankati nyimbo zake zimamveka ngati wailesi yotha miyala. Iye ankati ayi, nyimbo zenizeni zimayenda choncho, kungoti anthu a kuno sadazimvepo. Mkanganowu udatha chaka chimene mwana wake Febe adakwatiwa. Kutatsala mwezi kuti ukwati uchitike, Hilario adapachika gitala pakhoma n'kunena kuti sayimba, ndipo palibe ankadziwa ngati adzaitsitsanso.

Adabadwira kufupi ndi mishoni ya Nambuma. Nyimbo zoyamba adazimva pamtondo. Mayi ake ankasinja ndi anzawo awiri, minsi itatu mu mtondo umodzi, ndipo mmodzi akatopa, enawo ankachepetsa liwiro kuti amudikire. Nyimbo nayo inkatsika. Kutchalitchi kudali limba lopopa ndi miyendo. Mkulu amene ankaliyimba adali wokalamba, ndiye ndime yomaliza ikamafika, miyendo yake inkakhala italema ndipo limba linkabuula. Hilario adakula akudziwa kuti nyimbo imatopa ngati munthu.

Gitala yoyamba adapanga yekha. Adatenga chigubu cha malata cha mafuta ophikira, thabwa, ndi waya wa mabuleki a njinga ya bambo ake. Adakwapulidwa chifukwa cha wayayo. Gitala idatsala.

Amalume ake, a Fabiano, ankaphikira mzungu wina wofufuza za mtedza ku Chitedze. Mzunguyo atabwerera kwawo, a Fabiano adafika kumudzi ndi wailesi ya kaseti ndi kaseti imodzi yopanda dzina. Adati muli nyimbo zimene bwana wawo ankamvera, ndipo adazijambula iwo eni a Fabiano bwanayo asadanyamuke. Iwo nyimbo sankazisamala. Ankafuna wailesiyo pomvera mpira basi. Kaseti adaponyera Hilario.

Nyimbo yomaliza pa kasetiyo ndi imene idamugwira Hilario. Idali yaitali, yoti munthu n'kupalira mzere wonse isadathe. Inkayamba ndi gitala yokha, pang'onopang'ono ngati denga lodontha. Kenako ng'oma. Kenako mawu a munthu, aang'ono, okwera. Mayendedwe ake ankasintha mosachenjeza: mwendo ukati wazolowera, ng'oma zapita kwina. Ikafika pakati, zonse zinkayamba kumira. Ng'oma zinkalema, gitala inkatsika, ndipo woyimba wa mawu aang'ono uja ankasanduka nkhunzi yolira m'khola. Ikangotsala pang'ono kufa, pankamveka kuti khwa, nyimbo n'kudzuka ndi mphamvu zonse. Inkathamanga ndithu, kenako n'kuduka pakati pa liwu. Zii.

Aliyense amene adaimva adanena chimodzimodzi: “Miyala yatha.”

Hilario sadatsutse ndi pakamwa. Adakachita ganyu yosoka fodya, adagula miyala yatsopano ili m'pepala lake, adaitana mnzake Duncan kuti akhale mboni. Adaika miyala. Nyimbo idamira pa malo omwewo, idadzuka pa malo omwewo, idaduka pa liwu lomwelo.

“Waona?” adatero Hilario.

“Ndaona,” adatero Duncan. “Azungu ngodwala.”

Atawafunsa amalume ake, iwo adangoseka n'kunena kuti azungu ali ndi zawo. A Fabiano adamwalira patapita zaka zochepa. Nkhani idathera pomwepo, ndipo Hilario adamanga moyo wake pa umboni umenewo.

Chizungu cha m'nyimbomo sankachimva ndipo sadachifune. Adatengamo kamangidwe. Nyimbo iyenera kukhala yaitali. Iyenera kusintha mayendedwe. Iyenera kumira pakati, kudzuka, n'kuduka osatsanzika. Kumiza mawu apakamwa kudali kosavuta. Kumiza gitala kudamutengera nthawi. Adaphunzira kutsetsereka ndi zala kutsika nazo, ndipo pofika pansi penipeni ankatambasula dzanja n'kumasula pang'ono chokungira cha nsambo yaikulu, nsamboyo n'kumalira ngati ikukomoka. Podzuka ankaikunganso msangamsanga. Nsambo zambiri zidaduka asadadziwe muyeso wake.

Adakwatira Elube, mwana wa kwa a Chisale, n'kukakhala chikamwini kumudzi wina kufupi ndi Nsaru. Kumeneko ankalima fodya, chimanga ndi mtedza ngati wina aliyense. Chaka chimene fodya adamuyendera bwino adagula gitala ya m'sitolo, yogwirapo kale, ndi kachimkuzamawu koyendera batire ya galimoto. Duncan naye adakwatira dera lomwelo ndipo ankamuyimbira ng'oma za chikopa cha ng'ombe, zokhala ndi waya wa zitsekerero za mabotolo. Zida zonse zinkakwana pa njinga ziwiri.

Mu kwaya sadakhalitse. Tsiku lina adamiza nyimbo ya nthawi ya zopereka, anthu a pamzere n'kusowa kuti aponde bwanji. Mkulu wa kwaya adamupempha mwaulemu kuti azikhala ndi abambo anzake kumbuyo.

Ku tauni adapitako kamodzi, kukajambula. Mnyamata wa mu situdiyo adamvetsera mpaka kumapeto, adavula zomvera kumakutu.

“Bambo, mu nyimbo yanuyi muli nyimbo zinayi. Sankhanipo imodzi. Wailesi siyingaulutse zonsezi.”

“Kodi ng'ombe yamoyo amagula mwendo?” adafunsa Hilario.

“Ndiye pakatipo pali vuto. Mukuchedwa.”

“Sindikuchedwa. Ndikumira.”

Adakwera minibasi kubwerera ku Nsaru madzulo asadafike. Sadajambulepo nyimbo mpaka lero.

Dzina lake lidamveka m'midzi basi: pa maukwati, pa masiku a chionetsero cha zaulimi, pa misika ya Nsaru, Kabudula ndi Mpingu nyengo yogulitsa fodya. Nyimbo adapeka zambiri, za chigafa chogwa ndi mphepo, za mayi ake, za mkamwini amene alibe munda wake. Koma imene anthu ankaifuna ndi ya ngolo. Inkanena za munthu amene adanyamuka ku Kabudula ndi ngolo yodzaza mtedza, n'kukatitimira m'dambo. Ng'ombe zikamamira m'matope, nyimbo inkamira nazo. Zikatuluka, inkadzuka. Ngati ngoloyo idafika kumsika, palibe adadziwa, chifukwa nyimbo inkaduka munthuyo ali panjira.

Poyamba anthu ankasiya kuvina ikafika pomira, n'kumanyoza. Kenako amayi adapeza chochita napo. Nyimbo ikamatsika, iwo ankatsika nayo, kupinda maondo pang'onopang'ono mpaka zitenje kukhudza fumbi. Ankakhala pansipo akugwedeza mapewa okha, akudikira. Ikati khwa, onse ankadzambatuka ndi nthungululu. Okalamba ankatsika theka. Ana adakula akudziwa kavinidwe kameneka ngati kuti kadabwera ndi makolo. Ndipo pamalo pomirapo gulu lonse linkafuula kuti, “Miyala yathaaa!”

Dzina loti Miyala Yatha lidamukakamira. Hilario sankalikonda. Akamamwa tiyi pa Nsaru wina n'kumutchula choncho, ankaika kapu pansi n'kufotokoza za miyala yatsopano ija, za pepala lake, za mboni. Duncan ankavomereza ndi mutu. Anthu ankaseka, iye osaseka.

Kenako kudabwera anyamata a zimkuzamawu zikuluzikulu ndi nyimbo za pa kompyuta, maukwati n'kupita kwa iwo. Hilario ankaitanidwa mwa apo ndi apo. Sadadandaule. Ankalima, ndipo akaweruka kumunda ankakhala pakhonde n'kumayimba.

Febe, mwana wake womaliza, adapeza mwamuna dzina lake Ulemu, wokonza mafoni ndi mawailesi pa Nsaru. Adali mnyamata wofatsa. Febe adanena poyera kuti pa ukwati wake akufuna bambo ake ayimbe ya ngolo, ngakhale zimkuzamawu zikhalepo. Hilario adavomera ndipo adagula nsambo zatsopano.

Ulemu adafuna kukondweretsa apongozi ake. Adamva kwa Febe kuti kaseti yakale ija ikadalipo m'chitini, koma wailesi idafa kalekale. Adapempha kasetiyo kuti asamutsire nyimbozo pa foni zisatayike. Ali m'kati mosamutsa, adayesa chinthu china cha pafoni chimene chimamvetsera nyimbo n'kutchula oyimba ake. Foni idazindikira. Ulemu adapeza nyimbo yonse, yoyera ngati yajambulidwa dzulo, ndipo sadaimvetsere mpaka pakati. Adathamanga nayo Lamulungu masana.

Adakhala kumapeto kwa khonde, chapatali, monga mkamwini ayenera. Foni adapereka kwa Febe kuti apatsire bambo ake.

“Bambo, ndaipeza nyimbo yanu ija. Eni ake ndi a kutsidya kwa nyanja. Ati adaijambula inu musadayambe sukulu.”

Hilario adaika foni pabondo. Gitala idayamba kudontha monga kale. Adatseka maso. Ng'oma zidalowa. Mawu aang'ono aja adakwera. Pofika pakati, mapewa a Hilario adayamba kutsika okha, kukonzekera.

Nyimbo siidamire. Idapitirira pa liwiro lake, woyimbayo ali ndi mawu ake omwewo. Panalibe khwa. Idadutsa liwu limene inkadukirapo, n'kupitirira ndithu, kumalo kumene Hilario adali asadafikeko. Ng'oma zidachoka imodziimodzi. Padatsala gitala yokha, yofewa, n'kutha mwaulemu ngati mlendo wotsanzika.

“Iyi ndi ina,” adatero Hilario.

“Ndi yomweyo, bambo.”

“Ayikonza.”

Ulemu adayang'ana pansi. Adali atazindikira kale chimene wachita, koma munthu wokonza mawailesi sangathe kunama pa za wailesi.

“Kodi amalume aja pojambula, adagwiritsa mawailesi awiri, eti? Ina ikuyimba, ina ikujambula?”

“Ankatero anthu nthawi imeneyo.”

“Ndiye yoyimbayo ikafooka, yojambula imatenga kufookako. Khwa uja ndi pamene adaimitsa kuti asinthe. Kudukako, tepi idangotha.”

“Ine ndidagula miyala yatsopano. Duncan alipo.”

“Miyala yanu idali bwino, bambo. Idatha ndi ya amalume.”

Nkhuku idadutsa pabwalo. Hilario adabweza foni kwa Febe, adathokoza mkamwini chifukwa cha ulendo, adalowa m'nyumba. Gitala adaipachika pa msomali umene ankapachikapo chikwanje.

Nkhani idafika pa Nsaru lisadalowe dzuwa la Lolemba. Duncan adabwera pa njinga, adamupeza Hilario akuswa mtedza.

“Achimwene, ndamva kuti ndidachitira umboni mlandu wabodza.”

“Wamva bwino.”

“Ndiye ndilipire mbuzi kapena nkhuku?”

Hilario adapitiriza kuswa mtedza.

“Ukwatiwu bwanji? Ng'oma ndawamba kale.”

“Akavine za pa kompyuta. Zimenezo sizitha miyala.”

Sabata idapita, ina n'kupita. Hilario ankadzuka, kupita kudimba, kubwera, kukhala pakhonde manja ali pamaondo. Pa tiyi pa Nsaru adasiya kupitapo. Febe adagwada pakhomo kawiri kuwapempha bambo ake. Yankho lidali lakuti amva. Ulemu adatumiza mawu opepesa, Hilario n'kubweza mawu akuti palibe cholakwa, mwana wanena zoona.

Amene adayankhula mosazungulira ndi mkazi wake.

“Abambo a Febe, msomali uwo ngwa chikwanje.”

“Chikwanje chili pansi pa bedi, Nachisale.”

“Ndachiona. Chidzadula munthu. Inu mwakwiyira ndani? Amalume anu adagona. Mzungu adapita. Mwana wanu ndi amene akukwatiwa.”

“Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti sadziwa nyimbo. Osadziwa ndidali ine.”

“Ndiye mwadziwa. Kayimbeni.”

M'mawa mwake Hilario adatsitsa gitala. Koma adauza Duncan kuti ayimba moyenera. Ya ngolo iyenda pa liwiro limodzi kuyambira ku Kabudula mpaka kumsika. Kumira kulibe, kuduka kulibe. Adapekanso ndime yomaliza yoti ngolo ifike, mtedza ugulidwe.

“Nanga ng'ombe zikapanda kutitimira, nyimbo ikunena chiyani?” adafunsa Duncan. “Kuti munthu adapita kumsika? Ngakhale ine ndidapitako Lachisanu.”

“Iwe imba ng'oma.”

Adayeserera masiku otsalawo. Dzanja la Hilario linkapita lokha ku chokungira, iye n'kumalibweza. Duncan ankalema pa malo akale, Hilario n'kumamuyang'ana mpaka awongole.

Ukwati udadalitsidwa m'mawa. Madyerero adali pabwalo la sukulu masana, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuwotcha. Mnyamata wa zimkuzamawu adayimba zake mpaka anthu adatuluka thukuta. Kenako woyendetsa mwambo adatenga maikolofoni n'kunena kuti tsopano bwalo ndi la bambo a mkwatibwi, a Miyala Yatha eni ake. Anthu adakuwa. Ena adali atamva nkhani ya foni, ena ayi. Onse adalowa m'bwalo.

Hilario adayamba. Ngolo idanyamuka ku Kabudula, mtedza uli tho. Mawu ake adali asadakalambe. Adasintha mayendedwe koyamba, anthu adasintha naye. Kachiwiri, chimodzimodzi. Ngolo idayandikira dambo.

Amayi adayamba kutsika. Maondo adapindika, zitenje zidayandikira fumbi. Ana adakoka mpweya kuti afuule.

Nyimbo idadutsa pa dambo ngati pa tara.

Bwalo lidasokonekera. Ena adaimirira, ena adatsala pakati, osakwera osatsika. Mwana wina adafuula yekha kuti “miyala,” n'kudzitseka pakamwa. Gogo Malita, mlongo wa apongozi ake a Hilario, amene ankavina atagwira ndodo, adawongola khosi ali chiweramire.

“A Hilario! Mwagula sola kodi?”

Bwalo lonse lidafa ndi phwete.

“Ife tapinda kale maondo, eti!” adakuwa mayi wina. “Atiwongola ndani?”

“Ng'ombe zimenezi zadya chiyani lero?”

Hilario adabwereza ndime ya dambo pa liwiro lomwelo, nkhope ili gwa. Duncan ankamenya ng'oma akuyang'ana kumwamba ngati munthu woperekeza maliro a mlendo.

Pakati pa bwalo padali akwati. Febe adali atatsika mpaka pansi, diresi loyera atalikwinya m'manja kuti lisadetsedwe, ndipo sadadzuke. Pambali pake padali Ulemu mu suti yake, naye atapinda maondo molakwikalakwika, ngati munthu amene wachita kuphunzitsidwa sabata yomweyo kuseri kwa nyumba. Onse awiri ankayang'ana Hilario n'kumadikira.

Ndime ya dambo idafikanso kachitatu. Hilario adatambasula dzanja, adagwira chokungira cha nsambo yaikulu, adamasula.

Nsambo idabuula. Duncan adalema nthawi yomweyo, osauzidwa. Mawu a Hilario adatsika, adanenepa, adasanduka nkhunzi. Ng'ombe zidalowa m'matope mpaka m'mimba. Bwalo lonse lidatsika, ngakhale achibale a mkwati ochokera ku tauni amene sankadziwa chimene chikuchitika. Hilario adawasunga pansipo nthawi yaitali kuposa kale lonse, mpaka gogo Malita adayamba kutchula dzina la mayi ake a Hilario.

“Miyala yathaaa!”

Khwa. Adadzambatuka. Fumbi lidakwera mpaka pa keke.

Ndime yatsopano ija sadaiyimbe. Ngolo idatuluka m'dambo, idathamanga, ndipo Hilario adaika chikhatho pa nsambo pakati pa liwu. Zii. Mtedza sudafike kumsika tsiku limenelonso.

Atatha adapukuta gitala, adaikulunga m'chitenje, adakakhala ndi abambo anzake kudikira chakudya. Duncan adafuna kunenapo kanthu. Hilario adamuuza kuti amange ng'oma pa njinga ana asadaziboole.

Masiku ano amayimbabe akaitanidwa, kawiri kapena katatu pa chaka. Adabwerera pa tiyi pa Nsaru. Nkhani ya miyala yatsopano ndi pepala lake adaisiya. Wina akamukuwira kuti “Miyala yatha,” amakweza kapu n'kuyankha kuti, “Ya amalume.”

Kwa mkamwini adapempha chinthu chimodzi chokha: kuti amuyimbirenso pa foni mathero aja, kuyambira pamene tepi idathera. Adamvetsera kamodzi, adati zikomo, sadapemphenso.

Nachisale akuti masana ena, akaweruka kudimba, Hilario amakhala pakhonde n'kumayimba kanthu kena kofewa, ka gitala yokha, kamene sadakayimbepo pagulu. Tsiku lina adamufunsa kuti ndi nyimbo yanji.

“Ndi zimene zidatsalira ku Chitedze,” adatero Hilario, n'kupempha madzi akumwa.